Mfumukazi yanga yadongo yathothoka mphuno, ndithandizeni

NaPhiri wa ku Udaipur: Odi pagulu pano. Ndabwera ndi dandaulo, chonde musandiseke. Kuno ku India kusukulu Loweruka sitiphunzira, ndiye ndinayamba kupita kwa mayi wina wa kufupi ndi nyanja ya Pichola amene amaphunzitsa kuumba nkhope za mafumu ndi mafumukazi pathabwa. Si chidole choima pachokha, komanso si chojambula wamba. Nkhope imatukuka pathabwapo ngati mutu wa pandalama yachitsulo, kenaka mumapenta n'kumatapo timagalasi ndi timikanda. Ndatha masabata anayi ndikuumba mfumukazi yoyang'ana cham'mbali, yofunda nsalu yopyapyala kumutu, ndi ndolo yaikulu ngati chibangili pamphuno. Dzulo podzuka ndapeza mng'alu kuchokera pachipumi mpaka pachibwano, mphuno ili pansi. Chithunzi ndi icho. Inu amene munakulira pafupi ndi oumba mbiya, ndalakwitsa pati?

Wa ku Limbe: Pepani achemwali, koma mfumukaziyo ikuoneka ngati yagundidwa ndi minibasi ya ku Bangwe.

NaPhiri wa ku Udaipur: Ndinanena kuti musandiseke, achimwene.

Mayi a Chikondi: Musiyeni ameneyo. Ndiuzeni kaye mwanawe, munaumbira chiyani? Ndikuona kumbuyoko kuli thabwa. Dongolo ndi lenileni la kumtapo kapena ndi izi za m'mapaketi?

NaPhiri wa ku Udaipur: Mayi, aphunzitsiwo amagwiritsa ntchito ya m'paketi yotchedwa Mouldit. Muli timibulu tiwiri, mumakanda pamodzi mpaka mtundu ufanane, ndiye pasanathe maola awiri yayamba kulimba, pofika mawa ili gwa ngati mwala. Kuti isamate m'manja mumadzola paudala. Ineyo ndinachita makani, ndinati mwana wa kwa Kachindamoto sangaumbire pulasitiki. Ndinakagula dongo lenileni kwa oumba miphika n'kulimata pathabwa la MDF ndi guluu.

Mayi a Chikondi: Ndiye mwadzipha nokha pamenepo. Dongo likamauma limafota, thabwa silifota. Inu mwaligwira ndi guluu kumsana, ilo likufuna kubwerera, lipita kuti? Liyenera kung'ambika basi. Chachiwiri, mphuno ndi yonenepa, tsaya ndi lopyapyala. Tsaya lauma Lachiwiri, mphuno m'kati ikadali phala mpaka Lachisanu. Zikasiyana liwiro chotero zimakanana. Amayi anga ku Linthipe sankaumba ndi dongo lokhalokha ayi. Ankasinja mapale a miphika yakale n'kusakaniza, ankati dongo lopanda phale ndi mwana wopanda mafupa. Akaumba ankaika m'nyumba kumdima, n'kufunditsa masamba a nthochi. Padzuwa unali mlandu. Inu munayanika pati?

NaPhiri wa ku Udaipur: Pansi pa fani. Ndimafuna iume msanga ndipente Loweruka.

Mayi a Chikondi: Ambuye wanga.

Mphunzitsi Wopuma: Moni nonse. Ndawerenga ndipo zimene anena mayi a Chikondi n'zoona ndithu. Chondiseketsa n'chakuti mwana wathuyu akukhala pafupi ndi akatswiri a ntchito yomweyi. M'chigawo chomwecho cha Rajasthan, pafupi ndi tauni ya Nathdwara, m'mphepete mwa mtsinje wa Banas, muli mudzi wotchedwa Molela. Mabanja a kumeneko a mtundu wa oumba, amene amatchedwa Kumhar, amaumba zithunzi zotukuka za milungu yao pamaphale aakulu a dongo, makamaka Devnarayan ali pakavalo ndi mulungu wa njoka. Dongo lao amasakaniza ndi ndowe za abulu. Ndowezo zili ndi timaudzu, timeneto timagwira dongo pouma, ndipo pootcha timapsa n'kusiya timipata topumira. Chithunzicho sachimata pathabwa ayi, kumbuyo kwake ndi dongo lomwelo, ndipo thupi la kavalo ndi la munthu amalisiya lamphako m'kati kuti lisaphulike pamoto. Amaumba nyengo yozizira chifukwa dzuwa la chilimwe la kumeneko limaswa dongo. A mtundu wa Bhil amayenda maulendo ataliatali cha mu Januwale kukagula, n'kusenza pamutu kupita nazo kwao. Mmodzi wa oumbawo, Mohanlal Kumhar, boma la India linamupatsa ulemu wa Padma Shri mu 2012.

Wa ku Limbe: Ndiye mukuti achemwali azikasaka manyi a bulu mu Udaipur, atavala yunifolomu ya kuyunivesite?

NaPhiri wa ku Udaipur: Abulu alipo ambiri kuno, amanyamula mchenga m'tinjira ta m'tauni yakale momwe galimoto silowa. Vuto ndi mnzanga wogona naye chipinda. Koma a Mphunzitsi, za ku Molela ndinaziona pakhoma la siteshoni ya sitima ya kuno, sindimadziwa kuti zimachokera pafupi chotere.

Wosema wa pa Mua: Ine funso langa ndi lina. Ndayang'ana chithunzi chanu, ndayang'ananso zambiri zotere pa intaneti. Bwanji onse amayang'ana kumbali? Mfumu kumbali, mkazi wake kumbali, wantchito wokupiza kumbali. Ngati anakangana. Ifetu tikamasema mfumu timafuna ikuyang'ane m'maso, uchite nayo mantha.

Mphunzitsi Wopuma: Funso labwino, bambo. Izi zinachokera kunyumba ya mafumu a Mughal, amene ankalamulira mbali yaikulu ya India. Akbar, amene analamulira kuyambira 1556 mpaka 1605, analamula kuti akuluakulu onse a m'bwalo lake ajambulidwe n'kusonkhanitsidwa m'buku limodzi lalikulu. Nthawi yake ambiri ankajambulidwa atapotoloka pang'ono, maso onse awiri akuoneka. Koma pofika nthawi ya mwana wake Jahangir, makamakanso mdzukulu wake Shah Jahan, uja anamanga Taj Mahal, nkhope ya mfumu inakhazikika cham'mbali. Anthu wamba ndi alendo m'zithunzi zomwezo amatha kutembenuka mulimonse, mfumu ayi. Mfumu siyang'anizana ndi munthu, munthu ndiye amayang'ana mfumu. Panalinso mwambo wotchedwa jharokha darshan: m'mawa uliwonse mfumu inkaonekera pazenera la khonde la pamwamba kuti anthu aione kuti ili moyo. Aurangzeb, mwana wa Shah Jahan, ndiye anadzathetsa mwambowu. N'chifukwa chake zithunzi zambiri zimene mukuumba inu a NaPhiri zili ndi kazenera kosongoka pamwamba ndi kansalu kolendewera pansi. Kazenerako si kokongoletsa chabe, ndi khonde lija. Mafumu a Rajput a ku Mewar, Marwar, Bikaner ndi kwina anatengera kajambulidwe kameneka n'kukasintha mwa iwo okha.

Wosema wa pa Mua: Zikomo aphunzitsi, koma ine monga wa ntchito ndikuonapo chinanso. Nkhope ya cham'mbali ndi yosavuta kutukula. Mzere umodzi wokha, chipumi, mphuno, milomo, chibwano, munthu wadziwika. Ukafuna akuyang'ane, mphuno iyenera kutulukira kunja kwenikweni, apo ayi imaoneka ngati anamukhalira kumaso. Taonani ndalama zachitsulo zakale zija za mutu wa Kamuzu. Kutukuka kwake n'kochepa kuposa chikhadabo, koma palibe ankafunsa kuti uyu ndani. A NaPhiri, mphuno yanu inagwa chifukwa munaitukula ngati ya chidole. Munthu woyang'ana kumbali mphuno yake iyenera kugona pathabwa, chotukuka kwambiri chikhale khutu ndi fupa la patsaya.

NaPhiri wa ku Udaipur: Eee, izi aphunzitsi anga sanandiuzepo. Ine ndimaganiza kuti mphuno ndiye nsonga ya nkhope nthawi zonse.

Namaseko wa ku Leicester: Ndangoweruka kumene, ndapeza mauthenga mulu. Ndionjezere pa za ndalamazo. Jahangir anasulitsadi ndalama zagolide zokhala ndi nkhope yake, pena atanyamula chikho cha vinyo m'manja, mfumu yachisilamutu imeneyo. Ndiye za nkhope zotukuka si zachilendo kwa iwo. Ine ndinapita ku Victoria and Albert Museum ku London ndi ana tchuthi chathachi. Kumeneko amasunga kamwala kosemedwa nkhope ya Shah Jahan cham'mbali, kakang'ono koti n'kubisa m'dzanja. Amasunganso chithunzi chake ali kalonga, atanyamula chokongoletsera cha panduwira, chojambulidwa ndi Abu'l Hasan, ndipo mwini wakeyo analembapo ndi dzanja lake kuti chikumufanana bwino mmene analili ndi zaka 25. Chimenechi n'chimene chinandigwira mtima. Munthuyo ankafuna kufanana, osati kukongola kokha. Tsono ndikaona izi zogulitsa m'mashopu a pa Belgrave Road kuno, mafumukazi onse nkhope imodzi, ngati ana a mayi mmodzi. Diso lalitali ngati usipa, nsidze yokhota, mphuno yosongoka. A NaPhiri, yanuyo ndi yani dzina lake?

NaPhiri wa ku Udaipur: Anti, ndinafunsa tsiku loyamba. Aphunzitsi anangoti ndi maharani, kutanthauza mfumukazi. Ndinati maharani wa kuti? Anaseka, anati aliyense amene ukufuna. Amatipatsa pepala losindikiza, timadinda pathabwa ndi pepala la kaboni, tonse khumi nkhope yomweyo. Timasiyana mtundu wa nsalu basi.

Mphunzitsi Wopuma: Nkhope imeneyo ili ndi kwao. Ku Kishangarh, kufupi ndi Ajmer, m'zaka za m'ma 1700 kunali kalonga Savant Singh, amene ankalembanso ndakatulo zopembedza Krishna pa dzina lakuti Nagari Das. Wojambula wa pabwalo lake, Nihal Chand, ndiye anatchukitsa nkhope ya diso lalitali lokwera kumapeto, nsidze ngati uta, chibwano chosongoka, ndi katsitsi kopotana kotsikira patsaya. Chithunzicho anthu amachitcha Bani Thani, dzina la woimba wa m'nyumba ya mfumu amene kalongayo ankamukonda. India inachiika pasitampa mu 1973. Tsono taonani chodabwitsa: mkazi amene nkhope yake ikugulitsidwa ngati mfumukazi sanabadwire kubanja lachifumu. Ndipo nkhopeyo munthu weniweni sangakhale nayo, diso lotalika chotero lingafike kukhutu. Nihal Chand ankajambula Radha, wokondedwa wa Krishna, wa m'mapemphero a mbuye wake.

Namaseko wa ku Leicester: Komanso akazi a mafumuwo ankakhala kuseri, m'chigawo cha akazi okhaokha. Wojambula wamwamuna akanawaona bwanji? Ndiye zithunzi zambiri za akazi zinali za m'mutu. Amuna ndiwo ankajambulidwa ndi mimba zao, ndevu zao, ngakhale zipsera.

Wa ku Limbe: Ndiye kuti kujambula mkazi ndi filita sikunayambe ndi Instagram.

Mkulu wa Mpingo: Abale, ndakhala chete kuwerenga. Ndisabise, ine mtima wanga sukukhazikika. Mwana wathu tinamutumiza kukaphunzira, lero tikumva za milungu ya njoka, Krishna, ndi kuumba zifaniziro. Eksodo 20 ndime 4 ikunena momveka. Sindikuweruza, ndikungofunsa kuti malire ali pati.

NaPhiri wa ku Udaipur: Bambo, nkhawa yanu ndaimva ndipo sindikuipeputsa. Za ku Molela zija n'zopembedzadi, amaziika m'tiakachisi ta m'midzi n'kumazithira nsembe. Zimene ndikuphunzira ine n'zopachika pabalaza, ogula ake ndi mahotela ndi anthu opereka mphatso zaukwati. M'kalasi mwathu ena amaumba mulungu wao Ganesha, ine ndinakana mwaulemu ndipo palibe anandikakamiza.

Wosema wa pa Mua: Akulu a mpingo, kwathu kuno pa Kungoni, chiyambire 1976 pamene Bambo Claude Boucher anayambitsa malowa, anthu asema nkhope zosawerengeka, zina zili m'matchalitchi momwe. Ndimakumbukanso kuti Ambuye atapatsidwa ndalama anafunsa kuti chithunzichi n'cha yani. Sanaitaye pansi, anangoti mupatseni mwini wake.

Mkulu wa Mpingo: Mipingo yathu imasiyana pamenepo, bambo, ndipo mukudziwa. Koma yankho la mwanayu landikwanira. Ndingopempha kuti nkhope ikhale ya munthu, isagwadiridwe.

Abiti wa ku Mangochi: Funso la akuluwa kwathunso ku Chisilamu lilipo, ndipo ndi lolemera kuposa. Ine bambo anga sakanalola chinthu chotere m'nyumba. Koma mwina muone njira imene ena anapeza. Ku Kutch, m'chigawo cha Gujarat, amayi amakongoletsa makoma a nyumba zao zozungulira ndi dongo losakaniza ndowe, amapota timizere totukuka n'kumatamo timagalasi. Amati lippan. A Rabari amaikamo nkhanga zao zija za michira yaitali, ngamila ndi amayi osenza mitsuko, pamene a Mutwa, amene ndi Asilamu, amangopanga mizere ndi maonekedwe, opanda chamoyo. Ntchito imodzi, aliyense ndi malire ake. Nyumba zimenezo zimafanana ndi zathu zamaudzu, ndipo pa chivomerezi cha mu 2001 zambiri zinapirira pamene zanjerwa zinagwa. Timagalasi mukumata inuto a NaPhiri ndi ta kumeneko, si ta mafumu ayi. Ndi ta amayi akumudzi ofuna kuti koloboyi mmodzi aunikire nyumba yonse.

Mphunzitsi Wopuma: Mayi, mwanena zoona, ngakhale mafumu nawonso anali ndi zipinda za magalasi, monga Sheesh Mahal ya ku Amber. Pa za chipembedzo, Akbar naye anafunsidwa zomwezi ndi akuluakulu a chipembedzo chake. Mlembi wake Abu'l Fazl analemba kuti mfumuyo inkati wojambula ali ndi njira yakeyake yodziwira Mulungu, chifukwa akamaliza ziwalo zonse amazindikira kuti mpweya sangaupereke. Ndipo akulu a mpingo, mwina ichi chikusangalatsani: kuwala kozungulira mutu wa mfumu kumene mumakuona m'zithunzizi kunakhazikika ojambula a Mughal ataona zithunzi za oyera mtima zimene ansembe a Jesuit anabweretsa kuyambira 1580. Jahangir anakutenga n'kudziveka yekha.

Mkulu wa Mpingo: Ndiye kudzikuzatu kumeneko.

Mnyamata wa Chanco: Bwino kuti wina wanena. Ine ndikudabwa kuti tonse tikusirira mikanda osafunsa kuti inagulidwa ndi thukuta la yani. Ku Mewar komweko kumene kuli achemwaliwa, alimi a ku Bijolia analimbana ndi eni malo kuyambira 1897 mpaka 1941 chifukwa cha misonkho yambirimbiri ndi ntchito yokakamiza yopanda malipiro. Iwo ankati begar, ife tinkati thangata. Panali ngakhale msonkho wopereka ukakwatitsa mwana wako wamkazi. Mfumu Bhupinder Singh ya ku Patiala inapangitsa mkanda kukampani ya Cartier ku Paris mu 1928 wa madayamondi 2,930, khosi limodzi. Amwenye eni ake anathetsa malipiro ndi maudindo a mafumuwa mu 1971, nthawi ya Indira Gandhi. Lero mwana wa mlimi wa ku Dedza akutha masabata anayi kuumba ngale za anthu amenewa. Sizikundikhalira bwino.

Wa ku Limbe: Afika a Chanco, bisani mikanda.

Namaseko wa ku Leicester: Mwana wanga, zimene wanenazo n'zoona, koma usaiwale kuti amene anagwira burashi sanali mfumu. Anali mmisiri wolembedwa ntchito, wopera miyala kuti apeze utoto, wojambula ndi ubweya wa kumchira wa gologolo. Ku Basohli, kumapiri, ankadula mapiko obiriwira a zikumbu n'kumata papepala kuti aoneke ngati miyala ya mtengo wapatali, ndipo ngale ankadontheza utoto woyera wokhuthala kuti zitukuke. Nzeru zimenezo ndi za amphawi. Ine ndikamayang'ana ndimaona dzanja la ameneyo.

Mnyamata wa Chanco: Anti, dzanjalo ndikulilemekeza. Koma pakhoma la hotela sapachika nkhope ya mmisiri.

Mphunzitsi Wopuma: Mnyamatayu ali ndi mfundo, koma si ojambula onse ankanyengerera. Kunali Nainsukh wa ku Guler, amene anatumikira kalonga wamng'ono Balwant Singh wa ku Jasrota m'zaka za m'ma 1700. Anamujambula akumetedwa ndevu, akulemba kalata ali chifuwa pamtunda, atafunda gombeza pafupi ndi moto. Palibe kuwala kumutu, ndi munthu wotopa basi. Kwa ine zimenezo ndiye zithunzi zachifumu zopambana zonse, ndipo sindinaonepo woumba wa masiku ano akuzitengera. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: mulibe mikanda. Tinene chilungamo, mikanda ndi yosavuta. Upota kambulu, umata, upotanso kena. Mwana wa sitandade 4 angathe. Chovuta ndi pakamwa pa munthu, pamene pamasonyeza kuti uyu ngwaukali kapena ngwachifundo. Ntchito zambiri zatsopanozi zimatukula zovala mpaka sentimita yathunthu, nkhope n'kuisiya yosalala ngati dzira. Jahangir analemba m'buku la mbiri yake kuti pachithunzi chimodzi ankatha kudziwa kuti nkhope wajambula uje, diso ndi nsidze wajambula uje. Akanaona zathuzi akanati nkhope sanajambule aliyense.

NaPhiri wa ku Udaipur: Apa mwandilasa, a Mphunzitsi. Pa masabata anayi aja, atatu ndinathera pa mikanda, ndolo, ndi kachokongoletsa kozungulira ka pachipumi kamene amayi a kuno amati borla. Nkhope ndinaumba madzulo amodzi. Ndipo mukayang'ana chithunzi chija, mikanda yonse ili bwinobwino, palibe ndi umodzi womwe wagwa.

Mayi a Chikondi: Chifukwa ting'onoting'ono timauma mofanana. Musaike nzeru zambiri pamenepo.

Wosema wa pa Mua: Komabe pa za pulasitiki ija ndikufuna ndiiteteze pang'ono, chifukwa tikuinyoza ngati tchimo. Kusakaniza zinthu kuti chithunzi chitukuke si kwa lero. Ku Thanjavur kummwera amasakaniza choko ndi ulimbo, amatukula zipilala ndi zokongoletsa pathabwa, n'kukuta ndi golide wopyapyala kuposa khungu la anyezi. Limenelonso si dongo. Ngati ukufuna chinthu chopepuka choti chikwere ndege osasweka, ya m'paketiyo ndiye yake. Mzungu akandifunsa chiboliboli amayamba wanyamula kuti amve kulemera, mtengo amafunsa pambuyo. Koma kuipa kwake ndi changu. Mtengo umandidikira chaka chathunthu ndikafuna. Dongo ukaliphimba limakudikira. Iyi ikupatsa ola limodzi ndi theka, ndiye ungafufuze nkhope ya munthu pa nthawi imeneyo? Udzangothamangira zimene dzanja linazolowera. Mwina n'chifukwa chake onse akufanana.

Mayi a Chikondi: Ndipo ikalimba yalimba, sungabwezenso. Dongo ukalakwitsa umanyowetsa chala n'kufafaniza. Komanso likapsa bwino limakhalitsa kuposa mwini wake.

Mphunzitsi Wopuma: Umboni wake uli ku Bishnupur, ku West Bengal. Dziko la kumeneko ndi la matope, miyala yosema njosowa, ndiye mafumu a Malla anamanga akachisi a njerwa n'kuwakuta ndi matailosi adongo osemedwa. Wa Shyam Rai ndi wa 1643, wa Jor Bangla wa 1655. Pamakomapo pali asilikali, osaka nyama, ngalawa, oimba. Mvula ya kumeneko si yamasewera, koma zidakalipo.

Abiti wa ku Mangochi: Ine ndibwerere pa ndolo ya pamphuno ija. Nditangoona chithunzi ndinakumbuka anganga anga ndi chipini chao. Ankachipukuta ndi phulusa chizinyezimira. Atamwalira tinapeza kuti palibe ndi chithunzi chimodzi chomwe chowaonetsa bwino, chokhacho ndi cha pachiphaso, chakuda bii. Ine sindingapachike nkhope kwanga, ndanena kale, koma ndikudabwa kuti inu amene chipembedzo chikukulolani mukuvutikira mkazi wopanda dzina pamene agogo anu ali moyo.

Mnyamata wa Chanco: Apo ndiye tagwirizana, mayi. Koma chonde asawaveke nduwira ndi ngale za ku Jaipur. Ndaona pa Facebook anthu akupangitsa zotere za maukwati, mkwati wa ku Area 25 atasanduka maharaja.

NaPhiri wa ku Udaipur: Anti a ku Mangochi, usiku wonse sindinagone ndi mau anu. Agogo anga akuchikazi ali ndi mphini ziwiri patsaya, ndipo khutu lakumanzere linang'ambika pamene ndolo inakodwa m'thengo ali mtsikana. Akamaseka chibwano chimapita kutsogolo. Ndikawatseka m'maso ndikuwaona, koma ndikatenga pensulo chikutuluka ndi Bani Thani yemwe uja, dzanja lazolowera. Chimene ndikufuna kutenga kwa amwenyewa ndi kakhalidwe kaja: munthu cham'mbali, kumbuyo kopanda zambiri, mtundu umodzi wobiriwira monga ankachitira a Mughal, ndi kazenera kozungulira. Zovala zikhale zao, duku ndi mkanda wao wofiira. Koma ndilibe chithunzi chao cha cham'mbali. Zonse akuyang'ana kamera ataumitsa khosi.

Wosema wa pa Mua: Pezani zitatu. Chimodzi cham'mbali ndendende, kamera ikhale pa msinkhu wa khutu, osati pamwamba. China chakutsogolo, china chapakati. Ajambulidwe m'mawa kapena madzulo, dzuwa likuchokera kumbali, kuti makwinya ndi mphinizo zioneke. Masana nkhope imafafanizika. Ndipo yambani ndi chigaza, musayambe ndi duku. Duku ndi mikanda yanu ija yabwera m'njira ina.

Mayi a Chikondi: Ndipo thabwa lija liikeni uko. Pangani phale la dongo lomwelo, kukhuthala ngati chala chachikulu, muliike papepala la nyuzi kuti likamafota liziyenda. Posanjikiza dongo pa linzake muzikanda ndi foloko mbali zonse ziwiri n'kupaka phala la dongo. Pamene pakhuthala kwambiri mukombe kumbuyo ndi supuni lisanaume. Ngati bulu akuchititsani manyazi, sinjani phale kapena sefani mankhusu a mpunga. Kuotcha musayese nokha, kapempheni oumba miphika aja akuikireni m'ng'anjo yao.

Mlongo wa NaPhiri: Ndinatumidwa kumudzi dzulo, ndiye ndipereke lipoti. Ndinawauza agogo kuti ayang'ane kumbali. Anandifunsa kuti kumbaliko kuli chiyani. Ndinati palibe, achemwali akufuna akuumbeni ngati mfumukazi ya ku India. Anati iwo si mbava yoti azijambulidwa cham'mbali ngati kupolisi, ndipo munthu wabwino amayang'ana amene akulankhula naye. Ndinachita kuitana mwana wa aneba kuti aime cha kunkhokwe n'kumawafunsa za mbuzi, m'pamene anatembenuka. Ndajambula zisanu, ziwiri akukalipa.

Wa ku Limbe: Tumizani zokalipazo, ndiye agogo enieniwo.

NaPhiri wa ku Udaipur: Ndalandira, zikomo achimwene. Koma mwawajambula mbali yakumanja, khutu long'ambika lija silikuoneka.

Mlongo wa NaPhiri: Anakana dala. Anati khutu limenelo lisapite kunja kwa dziko. Atinso ngati mukuwaumba muwaveke duku la Chigwirizano, osati lakumunda lija anavala dzulo, ndipo mano muwaike onse.

Mphunzitsi Wopuma: Shah Jahan nayenso ankayamba waona chithunzi chisanalowe m'buku.

Wosema wa pa Mua: Za mano musadandaule, cham'mbali pakamwa potseka saoneka. Koma khutulo ine ndikanaliika. Mukambirane nawo bwino pafoni.

NaPhiri wa ku Udaipur: Ndiwaimbira Lamulungu akachoka kutchalitchi. Dongo ndagula kale, ndasinja kamphika kosweka ka tiyi, tija amamwera kuno n'kutaya. Phale ndapanga, lili pansi pa bedi. Mayi a Chikondi, m'mphepete mwayamba kutuwa koma pakati pakadali pakuda. Ndivundukule?

Mayi a Chikondi: Ayi. Nyowetsani kansalu, mufinye kwambiri, muyale m'mphepetemo mokha, pamwamba pepala la pulasitiki. Fani muzimitse ngakhale mutuluke thukuta. Munditumizire chithunzi Lachinayi.